Kuchoka pa benchi la labotale ku Tete kukafika ku msonkhano wa asayansi: malangizo kwa ofufuza ongoyamba kumene

Malangizo awa ndi a inu amene mumagwira ntchito m'labotale ya chipatala ku Tete, Moatize, Ulónguè kapena Songo, komanso inu ophunzira zaumoyo pa UniZambeze amene mwayamba kufunsa kuti kachilombo kamadwalitsa bwanji munthu. Funsoli ndilo phunziro limene m'Chipwitikizi amati patogénese: momwe kachilombo kamalowera m'thupi, kumamatira, kuzemba chitetezo cha thupi ndi kutulutsa poizoni. Misonkhano ya asayansi ya kuno kummwera kwa Africa ndi khomo losavuta kulowera kwa munthu wongoyamba, chifukwa ulendo wake ndi wotchipa ndipo akatswiri amakhala ndi nthawi yoima pa positala yanu, chipepala chachikulu chopachika chofotokoza kafukufuku wanu. Malabotale amene ali ndi makina owerengera DNA nthawi zambiri alibe tizilombo tochokera kwa odwala a ku Tete, pamene inu mumatiwona tsiku ndi tsiku. Msonkhano ndi pamene awiriwa amakumana, koma amapindula ndi amene wafika ali ndi funso limodzi lomveka, tizilombo tosungidwa bwino ndi zilolezo zonse m'manja. Zimenezi zimayamba miyezi 9 kapena 12 tsiku la msonkhano lisanafike.

Gawo loyamba: pezani funso

Kungolemba mndandanda wa mabakiteriya amene munapeza chaka chino sikukopa munthu. Funso labwino limalumikiza kachilombo ndi chimene chinachitikira wodwala.

Chigawo chathu chili ndi chitsanzo chimene aliyense wophunzira za tizilombo ayenera kuchidziwa. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu anamwa pombe pamaliro; 234 anadwala ndipo 75 anamwalira. Mphekesera zinati munathiridwa ndulu ya ng'ona. Ofufuza atayeza mowawo ndi ufa wa chimanga umene anafululira, mothandizana ndi malabotale a ku United States, anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi bakiteriya ya Burkholderia gladioli. Poizoniyu amatseka njira imene mitochondria (tizigawo topanga mphamvu) imatumizira mphamvu m'maselo, motero chiwindi, ubongo ndi impso zimalephera, ndipo kuphika sikumuwononga. Aka kanali koyamba kuti poizoni ameneyu apezeke atapha anthu mu Africa. Yankho linapezeka chifukwa mowa ndi ufa zinatengedwa msanga ndi kusungidwa. Zikanatayidwa, mpaka lero bwenzi tikunenabe za ng'ona.

Mu 2022 poliyo ya mtundu woyamba, ija yakutchire, inapezeka mwa mwana ku Lilongwe, kenako mwa ana 8 m'chigawo cha Tete, kuyambira ku Changara. Chimene chinasonyeza kuti kachilomboko kanachokera ku Pakistan ndi kuwerenga chibadwa chake kuchokera m'chimbudzi cha anawo. Ku Blantyre, ntchito yomeretsa magazi a odwala kwa zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth inathandiza kuzindikira Salmonella Typhimurium ya mtundu wa ST313, imene imakonda kulowa m'magazi a akuluakulu amene ali ndi HIV ndi ana amene ali ndi malungo kapena kuchepa magazi, m'malo mongotsegulitsa m'mimba. Anthu a ku Zóbuè ndi Tsangano amagula pamisika imodzi ndi a ku Mwanza ndi Ntcheu, ndiye kufunsa ngati mtundu womwewo uli m'magazi a odwala athu ndi funso lenileni.

Mafunso amene labotale yaing'ono ingathe kuyambapo ndi ngati awa. Kodi Klebsiella imene imatanuka ngati ulimbo imapezeka kwambiri mwa odwala amene anafika povuta? Kuyeza kwake n'kophweka: gwirani koloni (kamulu ka mabakiteriya omera pambale) ndi lupu (kawaya kotengera) n'kukweza, ulusi ukapitirira mamilimita 5 mulembe kuti watanuka. Kodi bakiteriya ya kolera, Vibrio cholerae O1, ya mliri uno ndi ya mtundu wa Ogawa kapena wa Inaba, ndipo ikumva mankhwala ati poyerekeza ndi ya mliri wapitawo? Kodi E. coli ya m'mikodzo ya amayi oyembekezera imene imaswa magazi pa agar (chakudya chomeretsera mabakiteriya pambale) ndi yomweyonso imene sikumva mankhwala a ceftriaxone? Sankhani limodzi. Lembani m'chiganizo chimodzi, muwerengere mnzanu wa ku wodi. Akalephera kulibwereza, silinapse.

Gawo lachiwiri: konzani labotale kuti zotsatira zanu zikapirire mafunso

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera, ndiye tichedwapo.

Kutentha kwa mumzinda wa Tete, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumapitirira madigiri 40. Incubadora wamba imangotenthetsa, siziziritsa. Chipinda chikatentha kuposa 35, m'katimo mumakwera ngakhale mwaika pa 35, ndipo mabwalo a pa mbale zoyezera mankhwala (malo ozungulira kadisiki ka mankhwala pamene bakiteriya siinamere) amasintha. Ikani thermometer yapadera m'kati, lembani kutentha m'mawa ndi masana pa pepala lomata pachitseko, ndipo tsiku limene kwapitirira 37 mubwereze kuyezako. Anzathu a ku Angónia vuto lawo ndi lina: magetsi akazima usiku mu Juni kapena Julayi, incubadora imazizira ndipo mabakiteriya samera mokwanira.

Poyeza ngati bakiteriya ikumva mankhwala ndi njira ya Kirby-Bauer, agar ya Mueller-Hinton ikhale yokhuthala mamilimita 4, zimene ndi mamililita pafupifupi 25 pa mbale ya mamilimita 90. Ikachepa, mabwalo amakula ndipo bakiteriya yosamva mankhwala imaoneka ngati ikumva. Madzi a mabakiteriya akhale pa 0.5 McFarland (muyezo wa kuchuluka kwa mabakiteriya m'madzimo), mupake pambale pasanathe mphindi 15, muike madisiki pasanathenso mphindi 15. Madisiki musunge m'firiji m'chidebe chotseka chokhala ndi choumitsira, ndipo mudikire afunde musanatsegule, chifukwa chinyezi chimawononga mankhwala a clavulanate ndi imipenem msanga. Yezani E. coli ATCC 25922, mtundu woyesera wodziwika kale, pafupipafupi ndi kulemba mabwalo ake. Funso loyamba limene mudzafunsidwe pa msonkhano ndi lakuti, munagwiritsa malamulo owerengera mabwalo a CLSI kapena a EUCAST, a chaka chanji, ndipo mtundu woyesera unali uti? Lembaninso mamilimita enieni a bwalo lililonse m'kaundula, osati S (ikumva), I (ili pakati) kapena R (sikumva) yekha, poti malire amasinthidwa ndipo mamilimita angathe kuwerengedwanso.

Pa kolera, chimbudzi chochokera kutali chiyende mu Cary-Blair, chosungiramo sampulo paulendo. Chikafika, meretsani mu alkaline peptone water kwa maola 6 mpaka 8, kenako pa agar ya TCBS, pamene Vibrio cholerae imatuluka yachikasu. Musayeze oxidase kapena kusakaniza ndi antisera (njira zotsimikizira mtundu wa bakiteriya) kuchokera pa TCBS mwachindunji. Yambani mwasamutsira pa agar wamba, apo ayi zotsatira zimanama.

Kenako sungani isolado iliyonse, ndiye kuti bakiteriya imene mwailekanitsa payokha. Tengani makoloni a maola 18 mpaka 24 pambale yoyera, sungunulani mu broth yokhala ndi glycerol 15 mpaka 20 pa 100, muthire m'timachubu tiwiri ta mamililita 2. Firiza ya madigiri 80 pansi pa ziro imasunga zaka. Ya 20 pansi pa ziro imasunga miyezi yokha, ndipo ikhale yosadzisungunula, chifukwa ija yodzisungunula imatenthetsa pang'ono tsiku lililonse n'kupha mabakiteriya. Timachubu tiwirito tikhale m'mafiriza awiri osiyana. Pofuna kudzutsa, palani pamwamba ndi lupu chubu chikadali chouma ndi kuzizira n'kuchibwezera msanga. Kumene magetsi ndi osadalirika, E. coli, Salmonella, Klebsiella ndi Vibrio zimakhala miyezi ingapo mukazibaya mu nutrient agar yofewa m'chubu chotseka bwino pamalo ozizirirapo a mdima. Streptococcus pneumoniae siingapirire zimenezo, imafuna firiza.

Pachubu lembani nambala yokha ndi cholembera chosafufutika. Nambalayo ilumikizane ndi kaundula wosonyeza tsiku, mtundu wa sampulo, zaka za wodwala, boma lochokera, ngati anamwa kale mankhwala, ndi mmene anathera. Isolado yopanda mbiri ya wodwala ilibe phindu pa kafukufuku wa patogénese, ngakhale itawerengedwa DNA yonse.

Gawo lachitatu: zilolezo

Ngakhale mukungowerenga makaundula akale a labotale, ndi kafukufuku wokhudza anthu. Protocolo yanu idutse ku komiti ya bioética (yoteteza anthu amene kafukufuku akuwakhudza) ya pasukulu kapena pamalo anu a ntchito, CIBS, ndipo ina imafunika kukafika ku komiti ya dziko lonse, CNBS, ku Maputo. Mudzafunanso kalata ya mkulu wa chipatala ndi ya akuluakulu a zaumoyo m'chigawo. Perekani miyezi itatu kapena kuposerapo pa zimenezi. Misonkhano yambiri imafunsa nambala ya chilolezo pa fomu, ndipo magazini a sayansi salandira ntchito yopanda nambalayo.

Chotsani maina. M'mudzi waung'ono, kulemba zaka, tsiku ndi dzina la mudzi n'chimodzimodzi kutchula munthuyo, ndiye lembani boma lokha. Ngati mwapeza chinthu chofunika kudziwitsa boma, monga kolera kapena bakiteriya yosamva mankhwala amphamvu a carbapenem, a zaumoyo adziwe kaye kudzera m'njira zake. Asamve koyamba kuchokera pa positala ya ku dziko lina.

Kambiranani za maina a olemba musanayambe kulemba. Técnico amene anameretsa ndi kuwerenga mbale zonse apatsidwe mpata wowerenga ntchitoyo ndi kukhala mlembi mnzanu.

Gawo lachinayi: sankhani msonkhano

Yambirani pafupi. Jornadas científicas za pasukulu panu ndi malo oyeserera. Instituto Nacional de Saúde (INS), imene likulu lake lili ku Marracuene, imakonza Jornadas Nacionais de Saúde, ndipo kumeneko mumalankhula Chipwitikizi pamaso pa anthu a ku CISM, malo ofufuzira zaumoyo a ku Manhiça, ndi ena amene angakuthandizeni popanda sampulo kutuluka m'dziko.

Koma yang'anani mapu. Kuchoka ku Tete kupita ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 1,500, pamene Blantyre ili pa makilomita pafupifupi 230 kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza, ndipo wa ku Ulónguè amadutsa pa Calómuè n'kufika ku Dedza ndi Lilongwe tsiku lomwelo. Kamuzu University of Health Sciences imachititsa msonkhano wofalitsa zotsatira za kafukufuku, ndipo ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ali mumzinda womwewo wa Blantyre. Nkhani pabwalo zimakambidwa m'Chingerezi, koma pa tiyi mudzacheza m'chilankhulo chanu chomwechi, mwayi umene mnzanu wa ku Inhambane alibe.

Kupitirira apo kuli msonkhano wa African Society for Laboratory Medicine, umene unachitikira ku Cape Town mu 2023, wa FIDSSA wa madokotala ndi asayansi a matenda opatsirana ku South Africa, wa South African Society for Microbiology, ndi CPHIA, msonkhano wa zaumoyo wa bungwe la Africa CDC, umene unachitikira ku Lusaka mu 2023. Kwa wongoyamba, msonkhano wa anthu 100 kapena 300 umaposa wa anthu zikwi. Poŵerenga pulogalamu ya chaka chatha, onani ngati pali nthawi yoti ophunzira alankhule, thandizo la ulendo, maphunziro a tsiku limodzi msonkhano usanayambe, komanso maina a anthu amene mapepala awo munawawerengapo.

Chenjerani ndi misonkhano yachinyengo. Imabwera ndi imelo yokutamani mopitirira muyeso, imalandira chidule chanu m'masiku awiri, imasakaniza za mano, za migodi ndi za tizilombo m'chipinda chimodzi, ndipo imafulumiza malipiro. Onani ngati kumbuyo kwake kuli bungwe la asayansi kapena yunivesite yodziwika, ndipo funsani mphunzitsi wanu musanalipire metical ndi imodzi yomwe.

Gawo lachisanu: lembani chidule

Chidule, chimene ku sukulu timati resumo, chimasiya kulandiridwa miyezi 4 mpaka 6 msonkhano usanachitike, ndipo nthawi zambiri chimalola mawu 250 mpaka 300. Gawani chonchi: ziganizo ziwiri za chiyambi ndi funso, zinayi kapena zisanu za njira, theka la mawu onse pa zotsatira, ndi ziwiri za tanthauzo lake. Ambiri amathera mawu 100 kufotokoza kuti kusamva mankhwala ndi vuto la dziko lonse. Owerenga akudziwa kale. Chimene sadziwa ndi za ku Tete.

Pa njira tchulani malo, miyezi ndi chaka, mtundu wa odwala, mtundu wa sampulo, mmene munazindikirira bakiteriya ndi muyezo umene munatsata. Pa zotsatira, peresenti iliyonse ikhale ndi manambala ake. Tiyerekeze kuti mwa ma isolado 12, 7 sakumva mankhwala ena. Kulemba 58% kokha kumanamiza, chifukwa pa chiwerengero chochepa chotere malire a 95%, osonyeza pamene peresenti yeniyeni ingakhale, amachoka pa 32% kufika pa 81%. Lembani 7/12, ndipo ngati mtundu wina wa bakiteriya uli ndi ma isolado osakwana 30, nenani poyera kuti ndi ochepa. Wodwala mmodzi awerengedwe kamodzi. Mukawerenga mikodzo itatu ya munthu mmodzi ngati anthu atatu, kusamva mankhwala kumaoneka kochuluka kuposa mmene kulili.

Zimene zimagwetsa zidule kawirikawiri ndi kulonjeza kuti zotsatira zidzaperekedwa pa msonkhano, kunena kuti chakuti chinayambitsa chakuti pamene munangoona kuti zikupezekera pamodzi, ndi kutchula majini amene simunayeze. Ngati simunachite PCR ya ctxA, kuyeza kofufuza jini ya poizoni wa kolera, musalembe kuti Vibrio yanu ndi yotulutsa poizoni. Lembani kuti ndi O1, ndipo nenani kuti kuyeza ctxA ndiyo ntchito yotsatira. Mawu amenewo ndi amene amakopa munthu wa makina a PCR kuti akufunefuneni.

Ngati mukulemba m'Chingerezi, samalani ndi manambala: 0,5 ya m'Chipwitikizi imakhala 0.5. Maina a mabakiteriya apendekeke, loyamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono. Olemba anzanu onse awerenge ndi kuvomereza. Tumizani kutatsala masiku atatu, chifukwa intaneti ikadula usiku womaliza palibe amene adzakumvereni, ndipo sungani imelo yotsimikizira. Tsegulani ORCID, nambala yozindikirira wofufuza pa intaneti, ndi yaulere, kuti dzina lanu lisasokonezeke ndi a Phiri kapena a Banda ena.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ndalama ndi mapepala a ulendo

Fomu ya thandizo la ulendo nthawi zambiri imatsekedwa tsiku limodzi ndi chidule, ndiye musadikire yankho. Imafuna CV ya masamba awiri, kalata ya mphunzitsi kapena mkulu wanu, ndi kalata yanu yonena chifukwa chake. M'kalatamo musalembe kuti mukufuna kuwonjezera nzeru. Lembani kuti muli ndi ma isolado angati, mukufuna kuphunzira njira iti, kwa gulu liti, ndi amene mudzawaphunzitse mukabwerera.

Funsani ngati thandizolo limaperekedwa ulendo usanayambe kapena amabweza pambuyo. Ngati n'lobweza, sungani risiti iliyonse ndi kapepala kokwerera ndege. Werengerani kulembetsa, chapa kapena basi, ndege yochokera pa Chingodzi ngati ikufunika, malo ogona, chakudya, kusindikiza positala ndi mayendedwe a mumzinda. Ngati ndinu wantchito wa boma, pemphani chilolezo ndi guia de marcha mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanakwane, mutaphatikiza kalata yokuitanani. Nkhani ya ajudas de custo ithe musananyamuke. Pitani ku banki mukafunse ngati khadi lanu la metical lingalipire pa intaneti ku dziko lina.

Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala ndi masamba osadindidwa. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa nzika ya Mozambique siifuna viza pa ulendo waufupi. Ngati msonkhano uli ku dziko la yellow fever, monga Uganda, Kenya kapena Nigeria, bayitsani katemera masiku 10 musananyamuke ndipo khadi lachikasu likhale m'thumba.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: positala kapena kulankhula

Werengani kukula kumene apempha, ndi ngati ndi yoimirira kapena yogona. A0 ndi mamilimita 841 kwa 1189, A1 ndi 594 kwa 841. Mutu ukhale wa zilembo za saizi 72 pa kompyuta kapena kuposa ndipo unene zimene mwapeza. Mawu ena asachepere 24. Mawu onse asapitirire 600 kapena 700. Pakati pakhale chithunzi chimodzi chachikulu chonyamula yankho la funso lanu. Mbale zijambulidwe pa nsalu yakuda, rula ili pambali, dzina la wodwala lisaoneke. Ikani kamapu kosonyeza Tete ndi malire a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, chifukwa ambiri sadziwa kuti chigawo chino chazunguliridwa ndi maiko atatu, ndipo zimenezo ndi mbali ya nkhani yanu.

Sungani ngati PDF, yambani mwasindikiza pa A4: zimene simungawerenge papepala laling'onolo sizidzawerengekanso pa khoma. Ya pansalu imapindika m'chikwama. Ya papepala imafuna chubu, ndipo m'chapa muinyamule m'manja. Tengani PDF pa flash ndi pa imelo kuti ikatayika mukasindikize komweko.

Mukapatsidwa mphindi 10 zolankhula, konzani masilaidi 8 mpaka 10 ndi mawu pafupifupi 1,100. Yesererani mokweza katatu ndi wotchi, kamodzi pamaso pa anzanu a m'labotale, muwapemphe akufunseni mafunso ovuta. Ziganizo ziwiri zoyamba ndi ziwiri zomaliza muziloweze pamtima. Funso likabwera mwachangu m'Chingerezi, pemphani alibwereze. Mukafunsidwa chimene simunachite, yankhani kuti simunachiyeze, nenani chifukwa, ndipo onjezani kuti ma isolado alipo m'firiza.

Gawo lachisanu ndi chitatu: masiku a msonkhano

Musanapite, lembani maina a anthu atatu mpaka asanu a pa pulogalamu, werengani pepala limodzi la aliyense, muwalembere imelo ya mizere isanu yotchula nambala ya positala yanu. Nyamulani tsamba limodzi losonyeza zimene muli nazo: mitundu ya mabakiteriya, kuchuluka, zaka, mmene mwasungira, mbiri ya odwala imene ilipo ndi nambala ya chilolezo. Tsamba limenelo limalankhula kuposa khadi la dzina.

Mwambo wathu umatiphunzitsa kudikira kuti wamkulu ayambe kulankhula. Ulemuwo ndi wabwino, koma pa msonkhano nthawi ya tiyi ndi mphindi 20, ndipo pulofesa amayembekezera kuti wamng'ono amuyandikire. Perekani moni, nenani dzina ndi kumene mwachokera, kenako funso lanu m'chiganizo chimodzi. Musayambe ndi kupempha sukulu kapena ndalama. Yambani ndi sayansi. Imani pa positala yanu nthawi yonse imene yaikidwa, muli ndi kufotokoza kwa mphindi ziwiri. Chezaninso ndi ophunzira a PhD ndi ma técnico a malabotale akuluakulu: ndiwo amagwira makina, ndipo ndiwo angakuuzeni kuti DNA imafunika yochuluka bwanji ndi yoyera motani.

Wina akasonyeza chidwi chowerenga chibadwa cha ma isolado anu, funsani zinthu izi asanachoke: alipira ndani, mudzalandira deta yonse yosakonza kapena lipoti lokha, mudzakhala pati pa maina a olemba, ndipo kodi mungapite kukaphunzira kusanthula nokha. Funsaninso ngati ntchitoyo singachitikire m'dziko momwe muno, popeza INS ili ndi makina otere.

Gawo lachisanu ndi chinayi: kutumiza tizilombo, ndi za pambuyo pake

Musanyamule mbale kapena chubu cha tizilombo m'chikwama podutsa pa Zóbuè kapena pa bwalo la ndege, ngakhale wokuitanani atanena kuti palibe vuto. Pamafunika mgwirizano wolembedwa, MTA, wosainidwa ndi mabungwe awiri osati anthu awiri, chilolezo cha bioética chotchula kutumizako, chilolezo chotulutsira kuno ndi cholowetsera kumene zikupita. MTA inene kuti tizilomboto ndi ta ndani, tidzagwira ntchito yanji, tingaperekedwe kwa wina kapena ayi, ndi zodzachita ndi zotsala.

Mabakiteriya ambiri a m'chipatala amayenda m'gulu la katundu la UN3373, m'zotengera zitatu: chubu chosadontha, chotengera chachiwiri chokhala ndi choyamwa madzi okwanira zonse zili m'katimo, ndi bokosi lolimba lakunja. Koma zomeretsedwa za Mycobacterium tuberculosis, Shigella dysenteriae ya mtundu 1 ndi poliyo zili m'gulu loopsa la UN2814, ndipo zimapakidwa ndi munthu wophunzitsidwa yekha. Nthawi zina kutumiza DNA yokha n'kophweka kuposa bakiteriya yamoyo, ngakhale MTA imafunikabe. Musanatumize, dzutsani isolado iliyonse mutsimikize kuti ndi yamoyo ndi yosasakanikirana, ndipo chubu chimodzi chitsale ku Tete.

Mukabwerera, lemberani onse amene munacheza nawo sabata isanathe, mutumize PDF ya positala ndi kukumbutsa chimene munagwirizana. Perekani lipoti la tsamba limodzi kwa amene anakulolani ndi amene analipira, ndipo fotokozerani anzanu a m'labotale ndi a ku wodi pa msonkhano wa m'mawa, makamaka ngati zotsatira zikukhudza mankhwala amene akulembera odwala. Mafunso onse amene munafunsidwa muwalembe tsiku lomwelo, chifukwa ndi omwewo adzafunse owunika a magazini. Chidule cha pa msonkhano sichiwerengedwa ngati pepala lofalitsidwa, ndiye dziikireni miyezi itatu kuti mulembe pepala lonse. Revista Moçambicana de Ciências de Saúde, Malawi Medical Journal ndi African Journal of Laboratory Medicine ndi malo oyenera ntchito yoyamba. Magazini ena olipiritsa amachotsera kapena kukhululukira olemba a ku Mozambique, koma pempho lake limaperekedwa pa tsiku lotumiza pepala, osati likalandiridwa kale.